Ziro wa dot product amachokera kuti?

Funso lachokera kwa mtsikana wa ku Chilomoni amene ali chaka choyamba cha maphunziro a uinjiniya. Akuti: "Ku sekondale tinaloweza kuti mizere iwiri ikakumana pa madigiri 90, ma gradient ake ukawachulukitsa amapereka −1. Pano aphunzitsi akuti mavekita awiri ali pa madigiri 90 ngati dot product yawo ili ziro. Ndiye zoona ndi ziti, −1 kapena ziro? Masamuwo ndimakhoza potsatira fomyula, koma sindikuona komwe ziro ameneyu akuchokera."

Achemwali, musataye lililonse mwa malamulo awiriwo. Ndi lamulo limodzi, ndipo gwero lake ndi Pythagoras yemwe uja munamudziwa kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti la −1 lili ndi malo pamene limakanika, pomwe la ziro limagwira ntchito paliponse, ngakhale mutachoka papepala n'kulowa m'masamu a mbali zitatu amene akukudikirani ku statics, phunziro la mphamvu zogwira pa zinthu zosasuntha. Koma tiyambe tagwirizana kuti vekita n'chiyani, chifukwa ambiri amene dot product imawazunguza mutu, vuto lawo limakhala litayambira pamenepa.

Munthu akakufunsani njira mutaima pa Clock Tower, inu n'kungomuuza kuti "yendani makilomita 5", ndiye kuti simunamuthandize. Alowere kuti? Ku Ndirande, ku Limbe, kapena atenge msewu wa ku Chileka? Makilomita 5 paokha ndi nambala chabe, ya gulu limodzi ndi makilogalamu 50 a thumba la simenti kapena madigiri a kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Zoterezi ndi ma scalar. Vekita imanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: kukula kwake ndi komwe yaloza. Tikalemba a = (3, 4), tikunena kusuntha 3 cha kummawa ndi 4 cha kumpoto. Kutalika kwake, komwe timalemba |a|, ndi mtunda wodulira kuchoka poyambira kufika pothera: 3² + 4² = 25, choncho |a| = 5. Onani kuti Pythagoras walowa kale tisanatchule n'komwe dot product, ndipo walowa chifukwa kummawa ndi kumpoto zili pa madigiri 90.

Vekita ilibe kwawo. Kusuntha 3 kummawa ndi 4 kumpoto kuchokera pa Clock Tower ndi vekita yomweyo ndi kusuntha 3 kummawa ndi 4 kumpoto kuchokera pamsika wa Limbe. N'chifukwa chake timaloledwa kunyamula mavekita awiri otalikirana n'kuwaika kuti ayambire pamalo amodzi tikafuna kuyeza ngodya yapakati pawo. Kuphatikiza n'kosavuta: (3, 4) + (1, −2) = (4, 2), ndipo mukayamba ndi iyi kapena iyo mukafika pamalo omwewo. Kuchulukitsa ndi nambala kumangoitalikitsa kapena kuifupikitsa. Nambalayo ikakhala ya minus, vekita imatembenuka kuloza komwe yachokera. Mavekita awiri amakhala parallel ngati ina ili inzakeyo itachulukitsidwa ndi nambala, monga (3, 4) ndi (6, 8) kapena (−9, −12). Izi munazichita kale pokonzekera MSCE, sindikhalitsapo.

Chimodzi chokha ndichedwepo pang'ono: kutalika sikuphatikizidwa momwe timaphatikizira ndalama. Tinene kuti ndege yanyamuka pa Chileka, ikuuluka makilomita 240 pa ola kuloza kumpoto, ndipo mphepo ikuikankha cham'mbali makilomita 70 pa ola kuloza kumadzulo. Munthu ali pansi saiona ikuthamanga 310. Amaiona ikuthamanga 250, chifukwa 240² + 70² = 62500, ndipo 250² ndi 62500 yemweyo. Ikanafika 310 mphepo ikanakhala kuti ili kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo ikanatsika kufika 170 mphepo ikanaiwomba pamphuno. Pakati pa 170 ndi 310, chimene chikulamula ndi ngodya yapakati pa mavekita awiriwo. Dot product ndi nambala imene imayeza mphamvu ya ngodya imeneyi.

Tsopano tengani cholembera, chifukwa gawo ili lifunika mulilembe nokha. Ikani mavekita awiri, a = (a₁, a₂) ndi b = (b₁, b₂), kuti ayambire pamalo amodzi. Lumikizani nsonga zawo ndi mzere. Mwapanga thirayango, ndipo mbali yachitatuyo ndi vekita a − b, imene ndi (a₁ − b₁, a₂ − b₂). Pezani kutalika kwake mu sikweya:

|a − b|² = (a₁ − b₁)² + (a₂ − b₂)²

Tsegulani mabulaketiwo, kenaka sonkhanitsani zofanana:

|a − b|² = (a₁² + a₂²) + (b₁² + b₂²) − 2(a₁b₁ + a₂b₂)

Bulaketi yoyamba ndi |a|², yachiwiri ndi |b|². Ndiye tili ndi |a − b|² = |a|² + |b|² − 2(a₁b₁ + a₂b₂).

Pythagoras amati chiyani? Amati ngodya yapakati pa a ndi b ikakhala madigiri 90, |a − b|² imafanana ndi |a|² + |b|² popanda chotsala. Ndipo zikafanana choncho, ngodyayo ndi madigiri 90 basi. Yang'ananinso mzere wathu uja. Chimene chikulepheretsa kuti ukhale Pythagoras weniweni ndi kachidutswa kakumapetoko, a₁b₁ + a₂b₂. Kachidutswa kameneka kakakhala ziro, Pythagoras wakwana ndipo ngodya ndi 90. Kakapanda kukhala ziro, ngodya si 90. Kachidutswa kameneka ndi kamene tinakapatsa dzina loti dot product n'kumalemba a · b. Ziro wanu uja ndi ameneyu. Palibe amene anamusankha. Ndi chotsala chimene chiyenera kusowa kuti Pythagoras agwire ntchito.

Ine ndimaona kuti kuphunzitsa mutuwu poyambira pa fomyula, "chulukitsa, chulukitsa, phatikiza", n'kumene kumabala funso ngati lanuli. Ophunzira amakhoza mayeso koma fomyulayo imaoneka ngati yagwa kumwamba, pamene mizere itatu yokha ya algebra ya Fomu 2 ikanawaonetsa komwe yachokera.

Mukaika cosine rule pambali pa mzere womwewo, mupeza zambiri. Cosine rule imati |a − b|² = |a|² + |b|² − 2|a||b| cos θ, pomwe θ ndi ngodya yapakati pa a ndi b. Kumanzere n'kofanana, zoyambirira zakumanja n'zofanana, choncho a · b = |a||b| cos θ. Apa dot product yasiya kungoyankha kuti "inde ndi 90" kapena "ayi si 90"; ikukuuzani ngodya yeniyeniyo. Tengani a = (3, 4). Ndi (4, 3), dot product ndi 12 + 12 = 24, onse ndi otalika 5, cos θ = 24/25 = 0.96, ngodya ndi madigiri pafupifupi 16. Ndi (−4, 3), tipeza −12 + 12 = 0, madigiri 90. Ndi (−4, 2), tipeza −12 + 8 = −4, ndipo ngodya yapitirira pang'ono, yafika pafupifupi madigiri 100. Ndiye musanagwire n'komwe kalikuleta, chizindikiro chokha chakuuzani kale nkhani: ya plus ndiye kuti mavekitawo akulowera mbali imodzi, ngodya sinafike 90; ya minus ndiye kuti akutsutsana, ngodya yadutsa 90; ziro ndiye malire apakati, pamene ina sikuthandiza inzake komanso sikuilepheretsa.

Kalikuletayo muzionetsetsa kuti ili pa DEG, kutanthauza madigiri. Ikakhala pa RAD, cos 90 imakupatsani −0.448, ndipo mudzayamba kukayikira aphunzitsi popanda chifukwa.

Nanga −1 uja? Mzere wa gradient m umatanthauza kuti mukasuntha 1 kumanja mumakwera m. Ndiye vekita yotsata mzerewo ndi (1, m). Mizere iwiri ikupatsani (1, m₁) ndi (1, m₂). Dot product yake ndi 1 + m₁m₂. Iikeni kuti ikhale ziro: 1 + m₁m₂ = 0, choncho m₁m₂ = −1. Mwangosamutsa 1 kupita naye mbali inayo.

Koma yesani lamulo la −1 pa mizere iyi: y = 5 ndi x = 2. Woyamba wagona, wachiwiri waima chilili, ndipo aliyense akuona kuti akumana pa madigiri 90. Gradient ya woyamba ndi 0. Wachiwiri alibe gradient, chifukwa kuti muipeze muyenera kugawa ndi ziro. Palibe choti muchulukitse. Mavekita alibe vuto limeneli: (1, 0) · (0, 1) = 0 + 0 = 0, nkhani yatha. Ndipo zoseketsa n'zakuti ngodya imene lamulo la −1 likulephera kuiona ndi imene injiniya amakumana nayo tsiku ndi tsiku, ya khoma ndi pansi, ya pilala ndi bimu.

Poti tatchula khoma, pitani mukaime pamene amisiri akuyeza maziko a nyumba, kaya ku Machinjiri kaya ku Chileka komwe anthu akumanga kwambiri. Mmisiri amakhoma zikhomo, amamanga chingwe, kenaka amayeza 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, n'kusunthasuntha chingwe mpaka tepi yopingasa iwerenge 5. Akamaliza makona onse anayi amakoka tepi kuchoka kona iyi kupita kona yoyang'anizana nayo, n'kubwereza pa makona awiri otsalawo. Miyezo iwiriyo ikafanana amati nyumba ili pa sikweya. Lembani zimene wachitazo mwa mavekita. Makoma awiri ndi a ndi b. Mzere wopingasa umodzi ndi a + b, winawo ndi a − b. Mukatsegula mabulaketi monga tinachitira muja, |a + b|² − |a − b|² = 4(a · b). Ndiye mizere yopingasayo imafanana pokhapokha a · b ili ziro. Mmisiri uja akuyeza dot product ndi tepi.

Fomyula imeneyi ikuuzaninso kuti nyumba yapotoka motani. Chipinda cha mamita 3 ndi 4, tepi yawerenga 5.05 mbali ina ndi 4.95 mbali inayo. Masikweya ake ndi 25.5025 ndi 24.5025, kusiyana ndi 1, choncho a · b = 0.25. Gawani ndi 3 × 4: cos θ ndi pafupifupi 0.021, ngodya ndi madigiri 88.8. Kusiyana kwa masentimita 10 pa tepi ndi kupotoka kwa digiri imodzi ndi kanthu pang'ono. Maso sangakuone pa maziko, koma woika matailosi adzakuona, pamene mzere wa matailosi akukhoma uzidzayamba wokwanira n'kumachepera kumapeto. Chenjezo limodzi: njira imeneyi imafuna kuti makoma oyang'anizana akhale atafanana kale kutalika. Akapanda kufanana, mizere yopingasa ikhoza kufanana pomwe makona ali opotoka, monga zimakhalira pa trapezium ya mbali ziwiri zofanana.

Miyezo ya mtundu wa 3, 4, 5 ndi yakale kwambiri kuposa mavekita. Anthu a ku Babulo ankalemba manambala oterewa pa mapale adongo zaka pafupifupi 1800 Khristu asanabadwe. Masamu a mavekita ndi a dzulodzuloli. William Rowan Hamilton anatulukira ma quaternion, mtundu wa manambala a magawo anayi, ku Dublin mu 1843, Hermann Grassmann anasindikiza maganizo ake ku Germany mu 1844, ndipo kalembedwe kamene mukugwiritsa ntchito m'kalasimo kanachokera makamaka kwa Josiah Willard Gibbs wa ku Yale, amene anakonzera ophunzira ake manotsi pakati pa 1881 ndi 1884, ndi Oliver Heaviside wa ku England. Pamene Rev. David Clement Scott ndi amisiri akuno ankamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pamishoni ya Blantyre, kuyambira 1888 mpaka 1891, mkangano wa otsatira Hamilton ndi otsatira Gibbs pa kalembedwe koyenera ka masamuwa n'kuti ukungoyamba kutentha.

Pali kanthu kena kamene dot product imakapeputsa modabwitsa. Tsegulani (a + b) · (a − b) monga mumatsegulira mabulaketi wamba; mupeza |a|² − |b|². Izi zikhala ziro ngati a ndi b ali ofanana kutalika. N'chifukwa chake mizere yopingasa ya rhombus imadutsana pa madigiri 90. Ndipo mukukumbukira lamulo la ma circle theorem loti ngodya ya mu semicircle ndi madigiri 90? Ikani pakati pa bwalolo ngati poyambira. Nsonga ziwiri za diameter ndi a ndi −a, malo ena aliwonse pabwalopo ndi p. Mizere yochoka ku nsongazo kupita pa p ndi p − a ndi p + a. Dot product yake ndi |p|² − |a|², ndipo zonse ziwiri ndi radius, choncho ziro. Umboni umene unkadzaza theka la tsamba watheka mu mzere umodzi.

Tsopano misampha, chifukwa ilipo. Pa manambala wamba, mukachulukitsa ziwiri n'kupeza ziro, mumadziwa kuti imodzi mwa izo ndi ziro. Pa mavekita si choncho, monga taonera pa (3, 4) ndi (−4, 3). Komabe vekita ya ziro, (0, 0), imapereka dot product ya ziro ndi vekita ina iliyonse, pomwe iyoyo siloza kulikonse. Ndiye poyankha funso la umboni muzilemba kuti mavekita onse awiri si a ziro. Aphunzitsi ena amadula malikisi pamenepo, ndipo sakulakwa.

Msampha wachiwiri ndi wofuna kufafaniza. Mukaona a · b = a · c, dzanja limayabwa kuti muchotse a mbali zonse n'kunena kuti b = c. Osatero. Tengani a = (1, 0), b = (2, 5), c = (2, −7). Mbali zonse zikupereka 2, koma b ndi c n'zosiyana kutali. Chimene mungathe kunena n'chakuti a · (b − c) = 0, kutanthauza kuti a ili pa madigiri 90 ndi b − c, kapena b ndi c n'zofanana. Kugawa ndi vekita kulibe.

Wachitatu ndi umene umagwira anthu ambiri pamayeso. Mwapatsidwa A(1, 2), B(4, 6) ndi C(8, 3), mwafunsidwa kuonetsa kuti ngodya ya pa B ndi madigiri 90. Wothamanga amachulukitsa manambala a malowo momwe alili. Imeneyo ndi ngodya ya pa O, poyambira, imene palibe waifunsa. Pezani kaye mavekita a mbali za thirayangoyo, onse oyambira pa B: BA = (−3, −4) ndi BC = (4, −3). Dot product ndi −12 + 12 = 0. Pofuna ziro, ngakhale mutatenga AB m'malo mwa BA yankho silisintha. Koma pa ngodya ina iliyonse kutembenuza vekita imodzi kumasintha chizindikiro, ndipo madigiri 60 amasanduka 120. Zolowerani kuyambira pamalo amodzi nthawi zonse.

M'mbali zitatu palibe chatsopano choti muloweze: a · b = a₁b₁ + a₂b₂ + a₃b₃, ndipo umboni wake ndi womwe uja, mwangoonjezera bulaketi imodzi. Yesani (1, 2, 2), (2, 1, −2) ndi (2, −2, 1), awiriawiri. Mupeza 2 + 2 − 4, kenaka 2 − 4 + 2, kenaka 4 − 2 − 2. Ziro katatu, ndipo onse ndi otalika 3. Ndi kona ya bokosi yopendekeka, imene simukanaizindikira poiyang'ana manambala okha.

Chimene chimasintha ndi kuchuluka kwa mayankho. Papepala, mavekita onse amene ali pa madigiri 90 ndi (3, 4) agona pamzere umodzi. Kuti mupeze imodzi, sinthanitsani manambalawo n'kutembenuza chizindikiro cha imodzi, (−4, 3) kapena (4, −3), enawo ndi omwewa atachulukitsidwa. M'mbali zitatu amadzaza plane yonse. Chingwe cha pulamu chikalendewera pa silabu yoyezedwa bwino ndi levulo, chili pa madigiri 90 ndi mzere uliwonse umene mungajambule pa silabupo, kaya woloza kukhomo kaya kuwindo. Ndipo simufunika kuyesa mizere yonse. Chikakhala pa 90 ndi mizere iwiri yosakhala parallel, u ndi v, ndiye kuti chili pa 90 ndi yonse, chifukwa mzere wina uliwonse pa silabupo ndi su + tv, pomwe s ndi t ndi manambala wamba, ndipo chingwecho tikachitcha n, n · (su + tv) = s(n · u) + t(n · v) = 0. N'chifukwa chake mmisiri poimika pilala amaika levulo mbali ziwiri zoyandikana, osati imodzi. Mukafuna vekita imodzi yokhala pa 90 ndi ena awiri nthawi imodzi, imeneyo ndi ntchito ya cross product, imene ikubwera kutsogolo.

Mufunsa kuti injiniya ziro ameneyu amamufuniranji kupatula makona a nyumba. Mu physics, work ndi F · d, pomwe F ndi mphamvu ndipo d ndi vekita ya kusuntha kwa chinthucho. Mayi wasenza ndowa ya madzi kuchoka pampopi, akuyenda pamalo athyathyathya: mphamvu yochirikiza ndowayo yaloza kumwamba, ulendo waloza kutsogolo, dot product ndi ziro, ndiye buku limati mphamvu imeneyo sinagwire work iliyonse pa ndowayo. Musakawauze zimenezi mayiwo. Khosi likuwawa ndithu, koma kutopa kwa minofu ndi nkhani ina. Chachikulu n'chakuti mbali ziwiri zokhala pa madigiri 90 sizilowererana, choncho mphamvu iliyonse mungathe kuigawa pawiri n'kuwerengera gawo lililonse palokha. Mwala uli pamalo otsetsereka madigiri 30: theka la kulemera kwake, W sin 30°, likuukokera kumunsi motsata phiri, ndipo pafupifupi 0.87 ya kulemerako, W cos 30°, ikuukanikizira pansi n'kupereka friction youletsa kutsetsereka. Mvula yambiri ikalowa m'nthaka, madzi amachepetsa kugwirana kwa dothi pomwe gawo lokokera kumunsi likadalipo, ndipo dothilo lalemera kuposa kale. Ife a mu Blantyre tinaona zotsatira zake m'mbali mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Mukadzafika pa soil mechanics, phunziro la kulimba kwa dothi, kuwerengera ngati malo otsetsereka angapirire kumayambira pa kugawa kumeneku.

Mukadzayamba kulemba mapulogalamu, musadzauze kompyuta kuti ione ngati dot product ikufanana ndi ziro ndendende. Manambala a madesimo imawasunga moyerekeza, ndiye pamene payenera kukhala 0 imatha kutulutsa kanambala kokhala ndi maziro oposa khumi kutsogolo. Muziifunsa ngati yankholo lili laling'ono kuposa malire amene mwasankha.

Yeserani ili musanagone: pezani k kuti (k, 2, −3) ndi (k, k, 1) akhale pa madigiri 90. Dot product ikupatsani k² + 2k − 3 = 0, ndiye mayankho alipo awiri, k = 1 ndi k = −3. Bwezerani lililonse m'mavekitawo muone ngati ziro akutuluka, ndipo pamayeso mudzalembe onse awiri.